KUYESA CHIYANKHULO NDI CHIKHALIDWE CHA ENI AKE: Zimene Mayeso a Chisipanishi Angaphunzitse Mphunzitsi wa ku Phalombe

MAU OYAMBA

Mphunzitsi aliyense ndi woŵeruza, afune asafune. Pakutha pa teremu amakhala pansi ndi cholembera chofiira, ndipo chimene walemba pa lipoti la mwana chimapita kunyumba, chimaonedwa ndi makolo, ndipo nthaŵi zina chimamtsata mwanayo mpaka ukulu wake. Pa maphunziro onse amene timaphunzitsa, palibe limene limavuta kuŵeruza kwake kuposa la chiyankhulo. Pa masamu yankho limakhala lokhoza kapena lolakwa. Koma kodi tikamati mwana uyu amadziŵa Chingerezi, uyo sadziŵa Chicheŵa, timakhala tapima chiyani, ndipo tapima ndi muyeso wanji?

Funso limeneli ndi lolemera makamaka kwa ife a m'boma la Phalombe. Boma lino lidapatulidwa ku Mulanje m'chaka cha 1998, ndipo pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu oposa 400,000, ambiri mwa iwo Alomwe. Kum'maŵa lidachita malire ndi chigawo cha Zambézia cha dziko la Mozambique, kumene sukulu zambiri zimaphunzitsa m'Chipwitikizi. Malirewo sadadule ubale: anthu amakwatirana, amalirana maliro, ndipo amasamuka kupita uku ndi uko. Chotero m'kalasi imodzi mukhoza kupezamo mwana amene adayamwira Chicheŵa, wina amene amalera ndi agogo oyankhula Chilomwe, ndi winanso amene adayambira sukulu tsidya linalo m'Chipwitikizi. Onseŵa timawayesa ndi pepala limodzi.

M'phunziro lino tiona m'mene eni chiyankhulo cha Chisipanishi amayesera alendo ofuna kuchidziŵa pamodzi ndi chikhalidwe chawo. Tionanso mayeso ena oipa amene adalipo kale ku Mozambique. Pomaliza tibwerera m'kalasi mwathu. Mfundo yathu ndi imodzi: mayeso abwino a chiyankhulo amafufuza zimene wophunzira angathe kuchita, ndipo samamlipiritsa chifukwa cha kumene adachokera.

CHIFUKWA CHIYANI CHISIPANISHI?

Wina angafunse kuti, "Nanga za Chisipanishi zatikhudza pati, popeza m'sukulu zathu za pulaimale sitichiphunzitsa?" Zifukwa zake ndi ziŵiri.

Choyamba, Chisipanishi ndi mbale wake wa Chipwitikizi. Ziyankhulo zonse ziŵiri zidachokera ku Chilatini, ndipo maiko a Spain ndi Portugal ndi oyandikana. Ubale umenewu timaumva ngakhale m'kamwa mwathu momwe. Mau akuti nsapato, kalata, kama ndi kapitao tidabwereka kwa Apwitikizi, amene amati sapato, carta, cama ndi capitão, pamene a ku Spain amati zapato, carta, cama ndi capitán.

Chachiŵiri, eni Chisipanishi adakumana ndi vuto lofanana ndi lathu, koma pa mlingo waukulu. Chiyankhulochi ndi cha boma m'maiko 20, ndipo anthu amene adachiyamwira ndi pafupifupi 500 miliyoni. Dziko limene lili ndi anthu otere ochuluka koposa ndi Mexico, osati Spain, ndipo mu Africa muno dziko la Equatorial Guinea limachigwiritsa ntchito. Pofuna kuyesa alendo, eni akewo adayenera kuyankha mafunso atatu: Kodi kudziŵa chiyankhulo n'kutani? Kodi mayankhulidwe oyenera ndi a ndani? Nanga chikhalidwe chiyesedwe motani? Mafunso omweŵa ndiwo amatidikira ife m'kalasi tsiku ndi tsiku.

FUNSO LOYAMBA: KUDZIŴA CHIYANKHULO N'KUTANI?

M'chaka cha 1988 boma la Spain lidakhazikitsa mayeso otchedwa DELE, opereka sitifiketi kwa anthu amene Chisipanishi si chiyankhulo chawo. Amene amayendetsa mayesoŵa ndi bungwe la Instituto Cervantes, limene lidayamba m'chaka cha 1991. Mayesoŵa amatsata ndondomeko imene bungwe la Council of Europe lidasindikiza m'chaka cha 2001, imene idagaŵa kudziŵa chiyankhulo m'milingo 6: A1, A2, B1, B2, C1 ndi C2.

Chofunika kuchiona apa si mainawo ai, koma m'mene milingoyo idafotokozedwera. Mlingo uliwonse umanena zimene munthu angathe kuchita. Wa mlingo wa A1 angathe kudzitchula dzina, kunena kumene amakhala ndi kufunsa mafunso apafupi ngati mnzakeyo akuyankhula pang'onopang'ono. Wa A2 angathe kugula zinthu m'sitolo, kufunsa njira, ndi kufotokoza za banja lake kapena ntchito yake. Wa B1 angathe kuyenda yekha m'dziko la eni chiyankhulo ndi kusimba zimene zidamchitikira. Motero makwerero amakwera mpaka pa C2, pamene munthu amamva pafupifupi chilichonse chimene waŵerenga kapena wauzidwa. Onani kuti palibe mlingo wotchedwa "mbuli". Ngakhale wapansi penipeni amafotokozedwa ndi zimene angathe.

Chinthu china ndi chakuti maluso anayi amayesedwa onse: kumva, kuyankhula, kuŵerenga ndi kulemba. Pa mlingo wa A2, kuŵerenga ndi kulemba amaziika m'gulu limodzi la malikisi 50, ndipo kumva ndi kuyankhula m'gulu lina la malikisi 50. Kuti munthu akhoze, ayenera kupeza malikisi osachepera 30 m'gulu lililonse. Wodziŵa kulemba bwino koma wosatha kutsegula pakamwa sangabisale kuseri kwa cholembera chake. Chimodzimodzinso wochenjera pakamwa koma wosatha kulemba. Pa mayeso a kuyankhula pamakhala oyesa aŵiri: mmodzi amacheza ndi woyesedwayo, ndipo winayo amakhala pambali kumvetsera ndi kulemba malikisi.

Tsopano tiyeni tidziyang'ane ife. Mayeso a PSLCE amene bungwe la MANEB limapereka m'Sitandade 8 ndi olemba okhaokha. Palibe pepala la kuyankhula. Izi zitanthauza kuti ngati luso la mwana la kumva ndi kuyankhula silidapimidwe ndi mphunzitsi wake m'kalasi, palibenso wina amene adzalipime. Silabasi imene idayamba kugwira ntchito m'sukulu za pulaimale m'chaka cha 2007 imatipempha kuti tiziyesa ana nthaŵi ndi nthaŵi pamene tikuphunzitsa, osadikira kutha kwa teremu. Komabe ambiri a ife timalemba mafunso khumi pabolodi, ana nakopera, ndipo malikisi a pepala limenelo timawatcha "Chingerezi". Kunena zoona, tapima luso limodzi kapena aŵiri, koma taŵeruza ngati tapima onse anayi.

FUNSO LACHIŴIRI: MAYANKHULIDWE OYENERA NDI A NDANI?

Chisipanishi cha ku Madrid si chimodzimodzi ndi cha ku Mexico kapena cha ku Buenos Aires. Poyankhula ndi anzake angapo, munthu wa ku Madrid amati vosotros, pamene wa ku Mexico amati ustedes. Poyankhula ndi mnzake mmodzi, wa ku Madrid amati tú, wa ku Buenos Aires amati vos. Galimoto ena amaitcha coche, ena carro, ena auto. Kodi woyesa achonge ati?

Yankho limene eni ake adafikapo ndi lakuti onseŵa ndi eni chiyankhulo. M'chaka cha 2016 kudayamba mayeso ena otchedwa SIELE, amene Instituto Cervantes idakonza pamodzi ndi mayunivesite a ku Salamanca, ku Mexico ndi ku Buenos Aires. M'mayeso ameneŵa woyesedwa amamva ndi kuŵerenga Chisipanishi cha maiko osiyanasiyana, ndipo poyankha amaloledwa kugwiritsa ntchito mayankhulidwe a dera limene adaphunzira.

Phunziro lake kwa ife ndi loonekeratu. Chicheŵa cha ku Phalombe chili ndi kamvekedwe kake ndi mau ake ena osiyana ndi a ku Kasungu kapena ku Dedza. Chilomwe nachonso si chimodzi: pali cha Amihavani, cha Akokhola, cha Amanyawa, cha Atakhwani ndi cha magulu ena. Ndiponso m'Chilomwe mulibe maphatikizo ena amene Chicheŵa chili nawo. Mvula Alomwe amati epula, ndipo mbuzi amati epuri. Choncho mwana amene adazoloŵera Chilomwe akatchula mau ena a Chicheŵa mosiyana ndi ife, si kuti ndi wogona m'mutu ai. Lilime lake lidaphunzira njira ina poyamba. Polemba tiyenera kuphunzitsa ndi kuchonga kalembedwe kovomerezeka, pakuti ndiko adzakumane nako pa mayeso a boma. Koma poyesa kuyankhula, funso lathu likhale lakuti: kodi zimene wanena zamveka, ndipo zayankha chimene chafunsidwa? Kamvekedwe ka kwawo si cholakwa chochotsera malikisi.

FUNSO LACHITATU: CHIKHALIDWE CHIYESEDWE MOTANI?

Kuyambira mu Okutobala 2015, mlendo wokhala ku Spain amene afuna unzika wa dzikolo ayenera kukhoza mayeso aŵiri: DELE ya mlingo wa A2 kapena woposerapo, ndi mayeso ena otchedwa CCSE, ofunsa za malamulo a dziko ndi za chikhalidwe. Wochokera m'dziko loyankhula Chisipanishi, monga Mexico, salemba mayeso a chiyankhulo, koma a CCSE amalemba ndithu. Apa eni ake adavomereza chinthu choona: kuyankhula chiyankhulo cha anthu ndi kwina, kudziŵa makhalidwe awo ndi kwinanso.

Mayeso a CCSE ali ndi mafunso 25, olembedwa m'mphindi 45, ndipo wokhoza 15 wapambana. Pa mafunso 10 alionse, 6 ndi a za boma ndi malamulo, 4 ndi a za chikhalidwe, mbiri ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Woyesedwa amangosankha yankho pa mayankho amene apatsidwa kale. Mafunsowo amatengedwa m'buku la mafunso 300 limene limaperekedwa poyera kuti aliyense akonzekere.

M'dongosolo limeneli muli chabwino ndi chopereŵera. Chabwino ndi chakuti palibe msampha: woyesedwa amadziŵiratu chimene adzafunsidwe, ndipo woyesa sangamlepheretse chifukwa cha kudana ndi nkhope yake. Ifenso tiziuziratu ana zimene tidzayese ndi m'mene tidzachongere. Chopereŵera ndi chakuti munthu akhoza kuloŵeza mayankho onse 300 ngati nyimbo, napambana, koma osadziŵa nthaŵi yoyenera kunena usted, mau aulemu ofanana ndi "inu", m'malo mwa tú, ofanana ndi "iwe". Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mafunso osankha yankho amapima zimene munthu wasunga m'mutu, koma sangapime m'mene amakhalira pakati pa anthu.

MAYESO AMENE ADAVULAZA ANTHU

Tisanabwerere m'kalasi, tiyenera kudziŵa kuti kuyesa chiyankhulo pamodzi ndi chikhalidwe kukhoza kusanduka chida choponderezera anthu. Chitsanzo chake sichili kutali. Chidachitika tsidya la malire athu omweŵa.

M'nthaŵi ya ulamuliro wa Apwitikizi ku Mozambique, munthu wakuda sankaŵerengedwa ngati nzika pokhapokha atapatsidwa chikalata chomutcha assimilado, ndiko kunena kuti wosandulika kukhala ngati Mpwitikizi. Lamulo la m'chaka cha 1917 lidati wofuna chikalatachi ayenera kuyankhula, kuŵerenga ndi kulemba Chipwitikizi, kukhala ndi mkazi mmodzi, kukhala ndi ntchito yomdyetsa, ndiponso kusiyiratu miyambo ya mtundu wake. Mtolankhani João Albasini wa ku Lourenço Marques, kumene tsopano ndi ku Maputo, adalitsutsa lamuloli poyera kuti ndi lonyoza. Pofika 1950, mwa anthu oposa 5 miliyoni a m'dzikomo, amene adali ndi chikalatachi sadafike 5,000. Otsalawo adali oyenera kugwidwa kukagwira ntchito yokakamiza yotchedwa chibalo. Dongosololi lidathetsedwa m'chaka cha 1961.

Mayeso ameneŵa sankafunsa zimene munthu wawonjezera pa nzeru zake, koma zimene wataya. Wopambana adali amene wakana makolo ake.

Mbiriyi ndi yathu ndithu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, Alomwe ambiri adaoloka malire kuthaŵa misonkho ndi chibalo cha Apwitikizi, nadzakhala ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, kumene ambiri adagweranso m'thangata la m'minda ya Azungu. Kunonso adanyozedwa ndi dzina lakuti Anguru, kotero kuti mabanja ambiri adasiya kuyankhula Chilomwe pagulu, ndipo ana awo adakula osachidziŵa. Komabe padali anthu onga Lewis Mataka Bandawe, amene adaphunzira ku Blantyre Mission, namasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, nagwira ntchito yomasulira pa khoti lalikulu ku Blantyre, ndipo m'chaka cha 1943 adayambitsa bungwe la Lomwe Tribal Society lolimbana ndi dzina lonyozalo. Moyo wake ukutionetsa kuti munthu akhoza kudziŵa bwino chiyankhulo cha alendo popanda kutaya chake.

Tisaganize kuti mzimu wa mayeso a assimilado udatheratu. Mphunzitsi amene amaseka mwana chifukwa cha katchulidwe kake, kapena kumlanga chifukwa wamumva akuyankhula Chilomwe pabwalo la sukulu, akupereka mayeso omwewo mosadziŵa. Mwana wotere amaphunzira chinthu chimodzi: kuti kukhala chete ndiko kupulumuka. Ndipo mwana wachete sitingamuyese, pakuti palibe chimene tingamve.

MWANA WOCHOKERA TSIDYA LA MALIRE

Kulandira ana ochokera ku Mozambique si chinthu chachilendo kuno. Nkhondo ya m'dzikomo itakula m'chaka cha 1986, anthu adathaŵira ku Malaŵi mpaka chiŵerengero chawo chidapitirira 1 miliyoni, ndipo ena adakhala ku Chiringa ndi ku Muloza. Ambiri adabwerera kwawo pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma kuoloka kwa mabanja chifukwa cha ukwati, maliro, njala kapena madzi osefukira sikudathe.

Tiyerekeze kuti m'maŵa wina afika pasukulu panu mtsikana wa zaka 12 pamodzi ndi amalume ake. Mai ake amwalira tsidya linalo, ndipo abale amtenga. Mwamfunsa dzina m'Chingerezi, wangoŵerama. Mwampatsa buku la Sitandade 5, walephera. Chiyeso chimene chimabwera msanga ndi chakuti, "Ameneyu akayambire Sitandade 1." Koma taganizani: mtsikana wa zaka 12 pakati pa tiana ta zaka 6 adzakhalamo masabata angati? Mapeto ake ndi kusiya sukulu ndi kukwatiwa asanakhwime. Akakhala mnyamata, ndi ganyu m'minda kapena usodzi ku nyanja ya Chilwa. Safunsa adadya phula. Tisanaŵeruze, tichite zinthu izi mwa dongosolo.

Choyamba, tifunse amalumewo mwaulemu, ndipo tione mapepala amene abwera nawo. Tidziŵe kuti ku Mozambique malikisi amaŵerengedwa pa 20, ndipo wopeza 10 wakhoza. Tikaona 14 pa lipoti tisathamangire kunena kuti mwanayo adalephera. 14 pa 20 ndi chimodzimodzi 70 pa 100. Tidziŵenso kuti chaka chawo cha sukulu chimayamba kumayambiriro a chaka, pamene chathu chimayamba mu Seputembala.

Chachiŵiri, timpatse masamu olembedwa m'manambala okhaokha, opanda chiganizo chilichonse, kuyambira apafupi kukwera pang'onopang'ono. Manambala safuna womasulira, ndipo adzationetsa msinkhu weniweni wa maphunziro ake. Tikaona walemba 3,5 pamene ife timalemba 3.5, tisathethe, kwawo amalemba chomwecho.

Chachitatu, tiyese kumva. Timuuze m'Chicheŵa kuti, "Tenga buku lofiira uliike pansi pa tebulo," kapena, "Pita pakhomo ubwerenso." Asayankhe ndi mau, angochita. Kaŵirikaŵiri mwana amamva zambiri kuposa zimene angathe kunena.

Chachinayi, tiyese kuyankhula, patokha osati pamaso pa kalasi yonse. Timuonetse chithunzi cha msika kapena cha anthu akukolola nandolo, ndipo afotokoze zimene akuona. Tisamdule mau pofuna kumkonza. Akasakaniza mau a Chilomwe kapena a Chipwitikizi, tilembe pambali, koma timlole amalize. Ngati n'kotheka tipemphe mphunzitsi mnzathu akhale pambali kumvetsera, monga amachitira oyesa a DELE. Makutu anayi salakwa msanga ngati aŵiri.

Chachisanu, tiyese kuŵerenga, ndipo tiyambe ndi kope lake la Chipwitikizi. Ngakhale ife sitimva chiyankhulocho, tikhoza kuona ngati maso ake akutsata mzere, ngati akupumira pa mpumiro, ndi ngati akuŵerenga mosadodoma. Mwana amene amaŵerenga m'chiyankhulo chimodzi safunika kuphunzitsidwanso kuŵerenga kuyambira pachiyambi. Amangofunika kudziŵa m'mene zilembo zomwezo zimamvekera m'chiyankhulo chatsopano.

Chachisanu ndi chimodzi, timlembetse mau ochepa a Chicheŵa. Akhoza kulemba nhumba m'malo mwa nyumba, cama m'malo mwa kama, muana m'malo mwa mwana. Mphunzitsi wopupuluma adzathetha onse atatu. Mphunzitsi wodekha adzaona kuti mwanayu wamva liu lililonse molondola, koma walilemba motsata malamulo a Chipwitikizi, m'mene nh amamveka ngati ny ndipo ca amamveka ngati ka. Zolakwa zotere ndi umboni wakuti mwanayo adaphunzira. Zimatha ndi maphunziro ochepa apadera.

Za Chingerezi tisadabwe akapezeka kuti alibe chilichonse, pakuti ku Mozambique amachiyamba mochedwa, pamene ife timachiyamba m'Sitandade 1. Kupereŵera kumeneku n'kwa phunziro limodzi, ndipo mankhwala ake ndi chithandizo chapadera, osati kumtsitsa makalasi anayi. Amene amagamula za kalasi yoti mwana aloŵe ndi mphunzitsi wamkulu. Udindo wathu ndi kumpatsa umboni wokwanira, wolembedwa luso ndi luso.

KUYESA CHIKHALIDWE M'KALASI

Nanga chikhalidwe tichiyese bwanji popanda kugwa m'mbuna ziŵiri zimene taziona, ya kuloŵeza ndi ya kunyoza? Tikupereka malangizo atatu.

Loyamba: tiyese mwa kuchita. Ana aŵiri achite kasewero, wina akhale mlendo wachikulire, wina mwana wapakhomo. Kodi wayankha "odi" moyenera? Wapereka mpando asanapereke moni? Wanena "inu" kapena "iwe"? Walandira chinthu ndi manja aŵiri? Pa Chingerezi, m'mene liu lakuti you limatumikira wamkulu ndi wamng'ono yemwe, tione ngati mwana wadziŵa kuti ulemu umaonekera m'mau onga please ndi excuse me. Ndipo mwana akayang'ana pansi poyankhula nafe tisamchotsere malikisi, pakuti kwathu kuno umenewo ndi ulemu.

Lachiŵiri: tipeŵe mafunso amene amayesa mwambo wa mtundu umodzi ngati ndiwo wa dziko lonse. Funso lakuti, "Mwamuna akakwatira amakakhala kuti?" lilibe yankho limodzi. Mwana wa Chilomwe adzati kwa mkazi, pakuti kwawo ndi kwa chikamwini. Mwana wa Chisena adzati mkazi ndiye amapita kwa mwamuna. Onse aŵiri anena zoona. Funso labwino ndi lakuti, "Fotokoza m'mene zimakhalira kwanu, ndipo usiyanitse ndi m'mene zimakhalira kwa mnzako."

Lachitatu: timlole mwana abweretse zakwawo, ife tichonge kafotokozedwe kake. Wina afotokoze m'Chicheŵa kapena m'Chingerezi m'mene amaphikira kalongonda, ndi chifukwa chake amaŵiritsa nthaŵi yaitali ndi kutaya madzi ake. Wina afotokoze za gule wa tchopa, amene bungwe la UNESCO lidamlemba m'chaka cha 2014 pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa, kapena za chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe chimene chimachitika ku Chonde m'boma la Mulanje. Wochokera tsidya lija afotokoze m'mene amakumbukirira tsiku la 25 Juni, limene dziko lawo lidalandira ufulu m'chaka cha 1975. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalasi yonse idzapindula.

KALEMBEDWE KA ZOTSATIRA

Tikudziŵa chimene ambiri a inu mukuganiza: "Zonsezi zitheka bwanji m'kalasi ya ana 100?" Tiyeni tiŵerengere. Mukayesa ana 5 patsiku, aliyense mphindi 3, pamene enawo akulemba ntchito, mwataya mphindi 15 zokha. Pa masiku 20 a sukulu, ndiwo masabata 4, mwamva mau a mwana aliyense m'kalasimo.

M'kaundula wanu dulani mizere inayi pa dzina lililonse: kumva, kuyankhula, kuŵerenga, kulemba. Musanayambe kuyesa, lembani milingo yanu m'mau onena zimene mwana angathe. Mwachitsanzo, pa kuyankhula: 1, angathe kutchula maina a zinthu, 2, angathe kuyankha ndi chiganizo chimodzi, 3, angathe kufotokoza chithunzi ndi ziganizo zingapo, 4, angathe kusimba nkhani ndi kuyankha mafunso pa nkhaniyo. Musaphatikize manambala anayiwo kukhala imodzi, pakuti mukatero mwabisa chimene mumafuna kudziŵa. Mwana wa 4 pa kumva ndi 1 pa kulemba safuna chithandizo chofanana ndi wa 1 pa kumva ndi 4 pa kulemba, ngakhale onse aŵiri apeza 5.

MAU OTSIRIZA

Kwa eni Chisipanishi tatengako zinthu zitatu: kufotokoza mlingo wa wophunzira ndi zimene angathe, kuyesa maluso onse anayi, ndi kuvomereza mayankhulidwe a madera osiyanasiyana. Taonanso kuti mafunso oloŵeza sakwanira kupima chikhalidwe, ndi kuti mayeso a assimilado adaipa chifukwa ankafuna munthu adzikane yekha. Mukadzapita ku sukulu zoyeserera ntchito, mudzakumana ndi mwana wosatsegula pakamwa. Musanalembe chilichonse pa dzina lake, dzifunseni ngati mwafufuza mokwanira chimene angathe, ndi m'chiyankhulo chiti.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Fotokozani chifukwa chake woyesedwa pa DELE ya A2 ayenera kupeza malikisi 30 m'gulu lililonse, osati 60 pa mayeso onse pamodzi.
2. Tchulani chabwino chimodzi ndi chopereŵera chimodzi cha mayeso a CCSE.
3. Mwana walemba nhama m'malo mwa nyama. Kodi cholakwachi chikukuuzani chiyani za maphunziro ake, ndipo mudzamthandiza bwanji?
4. Lembani milingo inayi ya luso la kumva Chingerezi yoyenera Sitandade 3, uliwonse uyambe ndi mau akuti "angathe".
5. Konzani funso limodzi la chikhalidwe limene mwana wa Chilomwe, wa Chiyao ndi wa Chisena angaliyankhe mosiyana, onse nakhoza.